Khoma la Oswald ku Khuyu

Khuyu, Likoma
9 Malichi 1953

Bambo a Joyce,

Moni wochokera kuno ku Khuyu. Ife tadzuka, kaya inu kumeneko ku Bulawayo. Mwana wanu Joyce ali bwino, wayamba Sitandade 3. Amai anu mwendo uja ukuwavutabe, koma kutchalitchi salephera, amakafika ngakhale ulaliki uli pakati.

Kalata yanu ya Januwale ndinailandira. Ndaiwerenga katatu, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinamve. Masamba anayi onse ndi Chitaganya, Chitaganya, misonkhano, chisankho. Ndinayang'ana mpaka kuseri kwa envulopu kuti mwina za nyumba mwalemba kumeneko, ayi ndithu. Mwati amisiri anzanu akusankhani kukhala wapampando wa bungwe lawo, ndiponso mukuima pa chisankho cha bodi ya lokeshoni. Tsono ndifunse, kodi mukumangabe? Kuno anthu akundifunsa. Ena akuti mwalowa boma, ena akuti mukulimbana ndi boma. Ine ndimangoti eya kwa onse.

Chino ndi chaka chachinayi khoma la nyumba yatsopano liimire m'chiuno momwe munalisiyira. Abuluzi ndiwo akusangalala nalo. Nyumba yakaleyi mvula ya chaka chino yaimaliza. Khoma la kuchipinda kwa amai latsamira, tachirikiza ndi nkhafi ziwiri. Mvula ina siipirira, ndikunenetsa.

Mng'ono wanu a Edmund anabwera kudzaona, anangogwira pakamwa. Iwo ndi mmisiri, inde, koma mukudziwa nokha lamulo limene malemu bambo anu a Augustine anasiyira amisiri onse amene anawaphunzitsa. Mmisiri saika mwala pa khoma la mnzake, pokhapokha mwini khoma atamupatsa chingwe chake chomangira, ndipo wopereka chingwe ndiye kuti sadzabweranso pa khomalo. Chingwe chanu chili m'bokosi langa, pansi pa nsalu za Lamlungu.

Ndiuzeni mwezi umene mukubwera. Osati za Chitaganya, mwezi.

Ine mkazi wanu,
Constance

Makokoba, Bulawayo
19 Epulo 1953

Mai a Joyce,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo. Ine ndili bwino, kungoti mawu asasa ndi kulankhula. Mupereke moni kwa amai, muwauze asamakwere miyala ya njira ya kutchalitchi ku Chipyela dzuwa litakwera.

Mukufunsa ngati ndikumangabe. Aa, mai! Lolemba mpaka Loweruka masana ndili pamwamba pa nsanja, tikumanga nyumba yosanja kanayi pakati pa tauni. Misonkhano ndi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Chisankho chija ndinapambana, tsopano ndine membala wa bodi ya lokeshoni. Sikuti ndalowa boma. Bodi imangolangiza, ndipo amene timawalangizawo amamva tsiku limene afuna.

Za Chitaganya ndifotokozenso pang'onopang'ono, musadumphe ndime ino. Akufuna kulumikiza dziko lathu la Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, eni ake osatifunsa. Ine ndakhala kuno zaka zambiri, ndikudziwa kumene akutilumikizako. Njerwa ndimaika bwino kuposa mzungu amene amandiyang'anira, iyenso amadziwa, ngodya zovuta amaitana ine. Koma pa pepala iye ndiye mmisiri, ine ndine boyi. Nyumba imene ndaimanga ndi manja anga, ikatha sindiloledwa kulowera khomo la kumaso. Kodi zimenezi zifike ndi ku Chipyela komwe? Anzanga anati, "Oswald, iwe uli ndi pakamwa, tilankhulire." Ndikanakana bwanji?

Nyumba sindinaiiwale, musandiyese wopanda mutu. Kapitawo wandilonjeza tchuthi mu Julaye. Masabata asanu ndi limodzi andikwanira kufikitsa khoma pa denga. Inu yambani kututa miyala. Isakhale yobulungira ya m'madzi ija, mufune yokhala ndi mbali imodzi yosalala. Mchenga wabwino ndi wa ku Yofu. Za udzu wofolerera Edmund akambe ndi a ngalawa za kutsidya. Khoma lokha asalikhudze munthu.

Mwezi mwaufunsa ndi umenewo, Julaye.

Mwamuna wanu,
Oswald

Makokoba, Bulawayo
7 Juni 1953

Mng'ono wanga Edmund,

Usadabwe kuona kalata ya tayipi. Ine ndikunena, akulemba ndi a Frederick, mlembi wa bungwe lathu, munthu wosunga pakamwa. Uwerenge uli wekha.

Pa 20 Meyi thabwa la nsanja linathyoka, thabwa lomwe lija tinakhala tikudandaula kwa kapitawo kuti lawola. Ndinagwa, ndipo mtanda wa simenti umene timaika pamwamba pa zenera unanditsatira n'kufikira pa dzanja lamanja. Kuchipatala adula zala ziwiri. Zitatu zotsalazo zilipo koma sizipinda. Mpeni womangira sindingaugwire, ngakhale supuni ikundikana. Kampani yandichotsa ntchito.

Iwe ndiwe mmisiri, ukumva chimene ndikunena. Kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu sindinadzukepo m'mawa wopanda khoma londidikira.

A bungwe akuti ndikhale wa ntchito yawo masiku onse, ndiziyenda m'malo omanga kulemba anthu ndi kulankhula. Pakamwa sipanathyoke. Kuno ndidakali munthu, ndikaimirira pa msonkhano anthu amakhala chete. Nanga kwathu ndikakhala chiyani? Mwana wa a Augustine, amene anasema miyala ya tchalitchi chachikulu, kumakhala pamthunzi dzanja lili m'thumba, akazi akututa miyala? Ndikuganiza zokhala konkuno. Sindinatsimikize, mutu wanga sukuyenda bwino masiku ano.

Pita kwa alamu ako ukatenge chingwe changa, umalize nyumba ija mvula isanagwe. Iwo ndawalembera padera. Koma za dzanjali usanene kwa iwo kapena kwa amai. Ndalumbiritsa iwe, Edmund. Constance anakwatiwa ndi mmisiri, ndipo sindifuna kuti azindiyang'ana ndi maso a chisoni.

Mkulu wako,
Oswald

Makokoba, Bulawayo
7 Juni 1953

Mai a Joyce,

Ndikukudziwitsani izi.

1. Tchuthi cha Julaye chalephereka.
2. Mupereke chingwe kwa Edmund kuti amalize nyumba.
3. Ine ndili bwino.

Moni kwa onse.

O. Kamtambe
Wapampando, Bungwe la Amisiri Omanga

Khuyu, Likoma
28 Juni 1953

A Oswald,

Moni sindikudziwa ngati ndipereke kwa inu kapena kwa makina amene andilemberawo. Tili moyo.

Sitima italira ku Chipyela ndinasiya chinangwa padzuwa n'kuthamanga ngati mtsikana, ndimati ndi kalata yonena tsiku lofika. Kutsegula, wani, thuu, fili, pansi pake chidindo cha bungwe. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi samani ya kukhoti. Zaka khumi ndi zisanu za ukwati, lero mukundilembera ndi manambala? Zilembo zanu zopendekera zija ndimazidziwa ngakhale envulopu ili m'manja mwa munthu wina. Kodi dzanja lanu lathyoka kuti lilephere kulembera mkazi wanu?

Mwati ndipereke chingwe. Inu, mwana wa a Augustine, simukudziwa tanthauzo lake? A Basil a ku Yofu anapereka chingwe ali gone pamphasa, sabata isanathe tinawaika m'manda. A Yoswa anatumiza mawu ali ku Joni kuti chawo chiperekedwe, mpaka lero akazi awo amakaimabe padoko sitima ikafika. Tsono inu ndinu a Basil kapena a Yoswa? Pa nambala fili mwati muli bwino, ndiye kuti ndinu a Yoswa. Nenani poyera. Ngati alipo Mndebele wina amene akukusitirani makolala a kumisonkhano, lembani dzina lake pa nambala folo.

Mu Epulo munati khoma asalikhudze munthu. Mu Juni mukuti alikhudze a Edmund. Ndimvere Oswald uti? Miyala ndatuta, yosalala mbali imodzi monga munanenera, mulu wake wafika m'khosi mwanga. Tsitsi la pakati pamutu lathothoka ndi nkhata. Mchenga ndasenza kuchokera ku Yofu mwera ukundikankha. Anthu panjira amandiseka kuti, "Mai a wapampando, lero mulibe msonkhano?" Ine ndimaseka nawo chifukwa ndimawerenga masiku a Julaye.

Ndasokonezeka, ndipo mtima ukundipweteka. Chingwe sindipereka. Ngati mukufunadi kuti chiperekedwe, bwerani mudzachitulutse nokha m'bokosimu, mudzachiike m'manja mwa mng'ono wanu ine ndikuona.

Constance

Chipyela, Likoma
2 Ogasiti 1953

Achimwene,

Moni, moni. Ife kuno tilipo, mwera wokha ndiwo wavuta, usipa sukuoneka. Dzanjalo likupola bwanji? Kalata yanu nditaiwerenga ndinalira, achimwene, ndinachita kupita kuseri kwa mlambe kuti anthu asandione.

Koma mwandiika pamoto. Ndinapita ku Khuyu monga munanenera. Ndisanakhale n'komwe pansi, alamu anati, "Mwabwera kudzatenga chingwe? Wamwalira ndani?" Ndinati palibe. Anati, "Nanga wakwatira ndani?" Ndinati palibe. Anati, "Tsono mukufuna chiyani pakhomo panga?" Ndinati ndimangodutsa. Ndinabwerera ngakhale madzi osamwa.

Nkhaniyi yafalikira chilumba chonse, ndipo aliyense ali ndi yake. Kumsika akuti munagwidwa chifukwa cha Chitaganya, kalata ija analemba ndi apolisi. Anzanga a malipenga akuti ayi, mwakwezedwa, muli ndi ofesi yanu ndi mtsikana wa tayipi. Aphunzitsi ena anandikokera pambali kundifunsa ngati mungawapezere khadi la bungwe lanu. Ndinati kaya, mwina ayambe aphunzira kuika njerwa. Amai ndiye akuti munafa. Akuti mwana wawo sangapereke chingwe akupuma, ndiye kuti a kampani akubisa maliro. Sakudya bwino. Ndikawauza kuti muli moyo amati, "Wadziwa bwanji iwe?" Ndiyankhe chiyani, poti pakamwa munanditseka?

Ndinaganiza zongoyamba kumanga ndi chingwe changa, osadikira chanu. Ndinapita ndi mpeni wanga womangira ndi levulo yoyezera khoma. Nditaima pa ngodya yanu ija, manja anakana. Ndinaona ngati bambo aima kumbuyo kwanga akutsokomola monga ankachitira tikalakwitsa. Komanso alamu anatulukira ndi munsi m'manja. Mwina amapita kukasinja, sindinadikire kuti ndione.

Udzu a ngalawa abweretsa, uli pabwalo, mbuzi zayamba kale kuudya. Nyumba yakale ija nkhafi tsopano ndi zinayi, ndapereka ndi zanga zomwe.

Ndimasuleni, achimwene. Ine si munthu wa chinsinsi, mukundidziwa. Ndikaona alamu panjira ndimalowa m'munda wa eni ake. Mundiloleze ndinene, kapena mulembe nokha.

Mng'ono wanu,
Edmund

Chipyela, Likoma
20 Sepitembala 1953

Achimwene,

Moni. Sitima zitatu zadutsa popanda yankho lanu. Kaya kalata yanga inafika, kaya mwakwiya, kaya ndi misonkhano. Tamva kuti Chitaganya chija chadutsa ndithu. Pepani, munayesetsa.

Ndaulula. Mundikalipire, koma mumve kaye. Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, amai anagwira wansembe mkanjo pakhomo pomwe, kupempha kuti dzina lanu liziwerengedwa pamodzi ndi omwalira. Wansembe anatulutsa pensulo. Achimwene, ndinaona ndi maso angawa akulemba O. Sindikudziwa chinandigwira, ndinangomva ndikukuwa, "Ali moyo! Ndi dzanja chabe!" Mpingo wonse unatembenuka.

Amai anakhala pansi pa masitepe, kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Alamu sanalire. Anandifunsa kuti dzanja liti, ndinati lamanja. Zala zingati, ndinati ziwiri. Anati ndiwapatse kalata yanu, ndinawapatsa, poti ndimayenda nayo m'thumba. Anaiwerenga ataimirira, n'kuyamba ulendo wa ku Khuyu osatsanzika munthu.

Lachitatu ndinapita kukapepesa, ndimati tsopano andipatsa chingwe tiyambe ntchito. Achimwene, chingwe ndinachipeza chili kale pa khoma, chokokedwa kuchokera ngodya ina kufika ina. Alamu amanga nsalu m'chiuno, akuika miyala! Azimai awiri a kutchalitchi akuponda dothi ndi laimu, akuimba nyimbo. Ndinati, "Alamu, nanga lamulo?" Anati, "Lamulo linaperekedwa kwa amisiri. Ine a Augustine anandiphunzitsa liti?" Ndafunsa amisiri achikulire awiri, nawonso asokonezeka. Wina akuti n'kulakwa, wina akuti bambo sananenepo kanthu za akazi. Akukanganabe mpaka lero.

Koma khomalo, achimwene, mayo ine! Ndinaika levulo iwo atapita kukatunga madzi. Mizere itatu yokha, latuluka kale inchi ndi theka cha kunjira. Miyala akungoisanjika, mpata pamwamba pa mpata. Ndinawauza mwaulemu, anati ndikakonze ukonde wanga. Ine kugwirapo sindingathe, khoma ndi lanu ndipo chingwe sindinapatsidwe.

Alamu aika kalata yawo mu envulopu yomweyi. Sindinaiwerenge, ndikuiopa.

Edmund

Khuyu, Likoma
20 Sepitembala 1953

Bambo a Joyce,

Moni. Dzanjalo likupwetekabe? Mukudya bwanji? Mabatani a malaya akukumangirani ndani? Ndakwiya nanu kwambiri, ndaliranso kwambiri, ndipo sindikudziwa chachikulu ndi chiti.

Miyezi itatu ine kuno ndikudana ndi mkazi wa Chindebele amene kulibe. Ndinamupatsa ndi nkhope yomwe, wamtali, wa mpata m'mano. Ndinamutukwana ndikusinja, ndinamutukwana ndikuchapa. Amai anu kulira maliro a munthu wamoyo. A Edmund kuonda, kumathawira m'chinangwa cha anthu. Zonsezi chifukwa cha zala ziwiri?

Mwalemba kuti ndinakwatiwa ndi mmisiri. Anakuuzani ndani? Tsiku lija paguwa wansembe anafunsapo za mpeni womangira? Ine ndinakwatiwa ndi munthu wina wamakani, wolankhula kwambiri, amene anandiperekeza kuchokera ku Chipyela mpaka ku Khuyu akundifotokozera kaphikidwe ka laimu. Chisoni mukuchiopacho musade nacho nkhawa, panopa ndilibe.

Za Chitaganya ndayamba kumva tsopano. Thabwa lowola munalinena, sanamve, lero dzanja ndi lanu. Ngati nkhani yake ndi imeneyo, lankhulani ndithu. Komatu akuti Chitaganyacho chafika ndi kuno komwe, ndipo kuno tilibe wotifotokozera, aphunzitsi akungokangana pansi pa mtengo. Pakamwa panupo pangagwire ntchito ku Chipyela. Sindikukukakamizani. Ngati anthu a ku Bulawayo akukufunani kuposa ife, khalani. Koma munene nokha kuti mwasankha, musabisale kuseri kwa dzanja.

Khoma ndikumanga. A Edmund akuti ndi lokhota, akungolizungulira atagwira mutu. Ine ndikaliyang'ana ndikuona ngati lili bwino. Kutentha kwayamba, mvula siili kutali, ndipo ine sindigoneka mwana ndi apongozi pamvula chifukwa cha manyazi a mwamuna. Sabata iliyonse ndiziika mizere iwiri. Likatha tidzafolera, tidzalowamo lokhota lomwelo, ndipo aliyense wodutsa panjira adzadziwa kuti iyo ndi nyumba ya Oswald mwana wa a Augustine.

Mkazi wanu,
Constance

Makokoba, Bulawayo
11 Okutobala 1953

Mai a Joyce,

Moni kwa inu, kwa amai, kwa Joyce. Makalata onse ndawapeza pamodzi, ya Ogasiti yomwe. Anakhala mu ofesi ya bungwe ine ndikuzungulira misonkhano ya m'matauni ena. Ino ndikulemba ndekha ndi dzanja lamanzere, mupirire nayo.

Inchi ndi theka pa mizere itatu! Mai, pofika pamwamba pa zenera khomalo lidzakhala lili panjira, lidzagwera anthu. Imani. Ndapota nanu, imani. Mpata sukhala pamwamba pa mpata, mwala umodzi umagona pa miyala iwiri. Laimu mukusakaniza bwanji? Ayi, musayankhe, kalata ichedwa.

Dzulo ndinaima pamaso pa bungwe kuwauza kuti asankhe wapampando wina. Ena anakuwa kuti ndathawa nkhondo ili mkati. Mwina akunena zoona, sindikudziwa. Zaka ziwiri ndalankhula pa misonkhano osachita chibwibwi, dzulo mawu anandithera pakati. Ku bodi ya lokeshoni ndatsanzikanso. Zandiwawa, sindikubisirani. Aphunzitsi a pansi pa mtengo aja muwauze andidikire.

Ndikwera sitima ya pamtunda Lachisanu, ku Chipoka ndikadikira ya pamadzi. Ndinu okwiya, ndikudziwa. Amai ndidzawagwadira ndekha. Edmund mumuuze adye.

Ndikuopa kutsika pa Chipyela chilumba chonse chikuyang'ana dzanjali. Mubwere kudzandichingamira, muime kutsogolo kwenikweni kuti ndiyambe kuona inu.

Maso ndikadali nawo. Ine ndizikoka chingwe ndi kusankha miyala, inu muziika, ndipo tikangana mzere uliwonse mpaka pa denga. Ndimati ndilembe kuti mugumule mizere yanuyo ndisanafike. Musagumule. Ndikufuna ndiione kaye.

Mwamuna wanu,
Oswald